Chala Chabuluu pa Tsamba Loletsedwa

Minsi ya chigayo choyendera madzi cha Hob Sallow itasiya kugunda, Wendham yense anamva. Kwathu kuno munthu amabadwa akumva minsi imeneyo ikuponda nsalu, du du du, kuyambira belu loyamba mpaka dzuwa kupendeka, ndiye ikangokhala chete tsiku lantchito, ngakhale agalu amadzutsa mitu. Linali Lachinayi la m'nyengo ya Lenti, chaka cha 1528.

Piers Gosnell anasiya lumo lake lometera nsalu n'kutenga ndodo ya ukonsitabulo. Udindowo anamupatsa chaka chimenecho osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa anajomba pamsonkhano wosankha, ndipo wojomba sakana. Pofika kuchigayo anapeza anthu ataunjikana m'matope, Hob ali pakati, ngowe ili m'manja, pakamwa pali pululu.

"Ine ndimati ndi nkhosa, akulu! Ndithu, gudumu langoti khuu, ine nkumati nkhosa ya ndani imeneyi yadzandiphera ntchito? Kukoka ndi ngowe, aa, nkhosa yavala nsapato!"

Amene anagona chagada pamenepo anali Lambert Crake, wamasamoni wa bishopu. Ntchito yake inali yonunkhiza m'makomo mwa anthu kufuna Malemba a m'Chingerezi, aja amasindikizidwa kutsidya kwa nyanja n'kulowa m'dziko atabisidwa m'mitolo ya nsalu. Palibe amene ankamukonda, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lero wina anali atamupha, mkhate ndi mkhate womwe.

Piers anagwada. Kunkhongo kunali bala, koma limenelo gudumu likanatha kupereka. Patsaya panali mizere itatu ya zikhadabo, ndipo gudumu lilibe zikhadabo. Pabatani lapachifuwa panakulungika kaulusi kabuluu. Anakachotsa mwakachetechete n'kukabisa m'dzanja. Atakweza maso anaona kuti mtanda wogwirira wa paulalo wa oyenda pansi, kumtunda kwa gudumu, unali utathyokera kumadzi.

"Nanga chikwama chakechi watsegula ndani?"

Hob anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. "Ndimafuna ndione ngati muli dzina lake."

"Dzina la Lambert Crake? Amene anakukokera kwa bishopu chifukwa chodya soseji Lachisanu?"

Anthu anaseka pang'ono. Hob anapisa m'malaya mwake n'kutulutsa tsamba limodzi lopindidwa, lonyowa m'mbali mokha chifukwa chikwamacho chinali cha chikopa cholimba. Piers sanali wodziwa kuwerenga kwenikweni, koma zilembo ankazitola. Anayembekeza Chilatini cha m'tchalitchi chimene chimangodutsa m'makutu. M'malo mwake maso ake anagwira mawu akuti moto, bwalo, tambala, mawu a kukhitchini kwa malemu amayi ake. Anali Malemba oletsedwa aja, a m'Chingerezi. Pangodya yapansi panali chidindo cha chala chachikulu, chabuluu.

"Ine kuwerenga ayi," anatero Hob monyada, "koma zilembo za makina ndaziona, ndipo buluu ndimamudziwa. Chala cha wonyika nsalu chimenecho. Denis Orrel, basi."

"Wauza ndani?"

"Akazi anga okha."

Piers anatseka maso. Kuuza mkazi wa Hob kunali chimodzimodzi kuliza belu la tchalitchi.

"Ndiponso wansembe watuma kale munthu pa kavalo," anawonjeza Hob. "Woweruza wa bishopu ali m'tauni yoyandikanayi. Akuti afika belu lamadzulo lisanalire, ndipo pepalalo alifuna."

* * *

Mayi Sisly Pratt, wogulitsa mowa, anamulandira akutsuka zikho, osatembenuka n'komwe.

"Bwana konsitabulo atipeza. Mwabwera kudzamwa kapena kudzatinunkhiza ngati malemu?"

"Anagona muno?"

"Anagona, anadzuka, anadya nsomba zamchere ziwiri ndi mkate, anameza zikho zitatu mmawa wonsewu. Lenti ya anthu a bishopu ndi yokoma, mwana wanga."

"Anatuluka nthawi yanji?"

"Belu la Misa likulira. Analunjika kuulalo."

"Kwa Denis si kuulalo."

"Ndanena za Denis ine? Kwa Denis ndi kumunsi, kumene kumanunkha mkodzo kuja. Lambert sankapitako, ankati mphuno yake ndi yophunzira." Anagwetsa chikho m'madzi mwaukali. "Iwe Piers, unakulira muno. Lachinayi mmawa amawoloka ulalo umenewo ndani?"

Piers anadziwa. Lachinayi ndi tsiku limene amayi opota ulusi amabweza ulusi kwa mwini nsalu n'kutenga ubweya wina. Madengu amadutsa paulalopo ngati nyerere.

"Ananena kanthu?"

Mayi Pratt anapukuta manja pang'onopang'ono. Lilime lawo lija, limene limasenda munthu ali chiimire, linachita ngati lalemera.

"Anati, lero ndikagwira nsomba imene inapulumukapo kale mu ukonde. Anati yachiwiri siibwerera m'madzi, imapita pamoto."

Lamulo lake aliyense ankalidziwa. Munthu akagwidwa koyamba ndi Malemba a m'Chingerezi, amalapa pamsika atasenza mtolo wa nkhuni, kenaka amavala chigamba chopetedwa mtolo wa nkhuni pamkono wa malaya moyo wake wonse. Akagwidwa kachiwiri palibenso kulapa. Nkhuni zimakhala zenizeni.

"Ovala chigamba muno ndi atatu," anatero mayi Pratt motsitsa mawu. "Wina ali gone ndi nyamakazi. Wina ndi Denis. Wachitatu usandifunse, poti unayamwa naye bere limodzi."

Piers anatola ndodo yake. Kunja kunamveka phokoso, anthu akuthamangira kumunsi kwa mtsinje, wina akukuwa kuti abweretse chingwe.

* * *

Anapeza atamuzinga Denis Orrel pakhomo la nyumba yake yonyikira nsalu. Anthu a ku Wendham, ine ndikuuzeni, ndi anthu abwino pa ukwati ndi pamaliro, koma mantha akawagwira amasanduka nkhuku zojompha inzawo yotuluka magazi. Aliyense ankaopa kuti woweruza akapanda kupeza wolakwa msanga ayamba kusecha nyumba ndi nyumba. Piers anawakankha ndi ndodo, n'kumulowetsa Denis m'kati, n'kutseka chitseko.

Denis anali chimunthu chachikulu chosalankhulalankhula, mikono yabuluu mpaka m'zigongono, chigamba cha nkhuni chitasuluka pamkono.

"Unali kuti belu la Misa likulira?"

"Pamphika."

"Anakuona ndani?"

"Mphika."

"Denis, akunyonga anthu awa, kapena akuwotcha enawo. Lankhula zomveka."

"Utoto ukapsa sausiya. Ukausiya wafa. Yang'anani." Analoza nsalu zisanu ndi imodzi zopachikidwa, zomalizira zikadali zobiriwira, zikusanduka buluu ndi mpweya. "Iliyonse imadya nthawi yake. Werengani. Sindinatuluke."

Piers anatulutsa tsamba lija. Denis ataliona anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

"Ine ndinalapa. Zaka zisanu ndi ziwiri sindinakhudze."

"Chalachi si chako?"

Denis anapukuta dzanja lake mpaka linauma, n'kugwira kolala yoyera ya Piers, n'kukanikiza chala mwamphamvu. Atachotsa, kolala inali mbee.

"Buluu wathu amalowa m'khungu. Satuluka. Mkazi wanga amadya mkate woyera wochokera m'manja amenewa." Anazengereza, kenaka analoza zenera. "Liyikeni padzuwa."

Piers anakweza tsambalo pakuwala. Pamene panali chidindo, pepala linkaonekera mbali ina ngati lathiridwa mafuta a nyale. Analinunkhiza. Batala wovunda.

Aliyense wa m'tauni ya nsalu amadziwa kuti ubweya usanapotedwe amaupaka batala wakale kuti ufewe. Ubweya ukakhala wonyikidwa kale, mafutawo amanyamula utoto wotsalira n'kuumata pachala chachikulu ndi chamkombaphala cha wopota, zala ziwiri zokhazo zimene zimatsina ulusi. Hob anaona buluu n'kuthamangira wonyika. Koma chala chimenechi chinali cha wopota, ndipo chinali chaching'ono.

"Ubweya wabuluu unaunyika liti?"

"Sabata yatha. Wochepa. Wa malaya a munthu mmodzi wolemera."

"Anaupota ndani?"

"Awiri. Mayi Amphlis, osaona aja."

"Osaona sawerenga. Winayo?"

Denis anatembenukira kumphika wake.

"Musandifunse, a Gosnell. Bola andinyonge."

Piers anatambasula dzanja lake. Kaulusi kabuluu kaja kanali katamatirira m'thukuta. Kanali kopotedwa mothina, mosalala, mmene amayi awo ankaphunzitsira mwana wawo wamkazi, ndi kamkwapulo pambali.

* * *

Avice Thurlow, mlongo wake wamng'ono, ankakhala m'kanyumba komalizira kutsidya kwa ulalo. Mwamuna wake anafera m'ndende ya bishopu zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo iye anatuluka ndi chigamba. Tsiku la mlandu umenewo Piers anaitanidwa ngati mboni, ndipo atafunsidwa za mlongo wake anati sadziwa zochita zake, sapondako kwawo. Kuyambira pamenepo bodzalo analisandutsa zoona. Ankamupatsa moni pamsika ndi mutu wokha.

Anamupeza akupota, gudumu likuzungulira, dengu la ulusi lili pakhomo losapita kwa mwini wake. Mpendero wa siketi yake unali wonyowa.

"Mwafika, achimwene. Ndimadziwa kuti ndinu amene mubwere. Khalani, mpando ndi womwe uja."

"Onetsa manja."

Anaonetsa. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali zabuluu, zonyezimira mafuta. Zikhadabo ziwiri zinali zothyoka.

"Avice, wachitanji?"

"Anandidikirira paulalo. Ndinachedwa kutuluka lero, anzanga anali atawoloka kale. Anapisa m'dengu n'kupeza tsamba pansi pa ulusi, n'kuliponya m'chikwama akuseka. Anati, Avice, nkhuni zako ndikasankha ndekha, zaziwisi, kuti ucheze nafe nthawi yaitali. Anandigwira pamkono pomwe pali chigambapa. Ndinamukanda, ndinamukankha. Mtanda unathyoka." Anaimitsa gudumu ndi dzanja. "Ndinamuona akupita ndi madzi. Ndikanakuwa, Hob akanatseka madzi. Sindinakuwe. Chimenecho ndiye tchimo langa, ndipo sindilibisa."

Piers anakhala pansi. Anakwiya, ndipo mkwiyowo unali wosakanikirana ndi manyazi.

"Unalumbira pamsika! Unasenza nkhuni tauni yonse ikuona! Kapepala kamodzi aka n'kofera?"

"Munamvapo zimene wansembe amang'ung'udza paguwa, inu? Zaka makumi anayi mukugwada, mwatolapo liwu limodzi? Ine ndinamva Mulungu akulankhula ngati mnansi wanga, achimwene. Munthu ukamva zimenezo sungabwezenso makutu."

"Buku lonse lili kuti?"

"Palibe ali ndi lonse. Linabwera losasoka, ndiye tinagawana. Lachinayi lililonse masamba amasinthana madengu. Nyumba khumi ndi imodzi."

"Mayo ine."

"Ndiye mvetsani. Denis alibe mlandu, mumumasule. Ine nditengeni, koma munditengere mlandu wakupha. Wakupha ndi mlandu wa mfumu, mathero ake ndi chingwe, ndipo chingwe sichichedwa. Mukapereka tsambalo ndikhala wa bishopu. Iwo sawotcha tsiku lomwelo. Amayamba afunsa mayina, sabata ndi sabata, m'chipinda chija anafera mwamuna wanga." Anagwira chigamba cha pamkono wake. "Ndimadzidziwa ine. Ndinagonja kamodzi. Ndikuopa moto, achimwene, ndikuopa koopsa. Ndidzawatchula onse."

"Thawa. Pita kudoko, ukwere chombo."

"Ndi chigamba pamkono? Ndikachichotsa ndi mlandu womwewo. Ndipo ndikathawa, Denis apsa m'malo mwanga."

Piers anagwira mutu. "Sizitheka. Hob waona pepala. Tauni yonse ikudziwa kuti pali pepala la zilembo za makina, lokhala ndi chala chabuluu. Ndikati latayika, woweruza agwetsa denga lililonse muno."

Anangoti atanena zimenezo, mawu a Hob anamubwerera m'mutu. Ine kuwerenga ayi. Hob anaona zilembo, anaona buluu. Chingerezi ndi Chilatini kwa iye zinali mapazi a nkhuku basi. Ndipo kupatula iye, Avice ndi Denis, munthu yekhayo amene anazindikira lero kuti tsambalo ndi la Chingerezi anali Lambert, ndipo anali atafa.

"Kalata ya amayi ija ili kuti?" anafunsa mwapang'onopang'ono. "Ya chikhululukiro, imene anagula kwa wansembe woyendayenda uja."

Avice anamuyang'ana. Kenaka anatsegula bokosi n'kuitulutsa. Inali yosindikizidwa pamakina, Chilatini chokhachokha, kukula kwake pafupifupi ngati tsamba lija. Amayi awo anagulitsa nkhumba kuti aipeze, ndipo anamwalira osadziwa liwu limodzi la m'menemo.

"Udzanena kuti umayenda nayo m'dengu," anatero Piers. "Lambert anailanda poyesa kuti ndi ya Chingerezi. Munalimbirana. Unamukankha."

"Pafupifupi zoona zokhazokha."

"Koma pakufunika..." Apa m'pamene anazindikira chimene nzeru zake zapeka. Ankapempha mlongo wake kuti adzidindire yekha chingwe.

Avice sanadikire kuti amalize. Anatsina ubweya wamafuta, n'kupukuta chala chake m'menemo kawiri katatu, n'kuyala kalatayo pabondo. Anakanikiza pangodya yapansi mosamala ngati akutseka mphika wa uchi. Kenaka ananyowetsa m'mbali mwake mu mtsuko, n'kuipinda monga linapindidwira linzake.

Piers analira, bambo wa ndevu zake, ndodo ya mfumu ili pamiyendo.

"Bweretsani tsambalo," anatero Avice. "Sindinalimalize. Ndikuwerengereni, kenaka muponye pamoto ngati mukufuna."

Anawerenga motsatira ndi chala, monga anamuphunzitsira mwamuna wake. Inali nkhani ya wophunzira wina amene anatsatira mbuye wake chapatali atagwidwa, n'kukhala pabwalo kuwotha moto ndi antchito. Anthu anamufunsa katatu ngati munthu uja akumudziwa, iye n'kukana katatu, mpaka tambala analira. Piers anali ataimva nkhaniyo chaka ndi chaka m'Chilatini, ataima kumbuyo kwa tchalitchi akuganiza za nsalu zake. Lero anaimva, ndipo inamulasa.

"Zinatha bwanji?" anafunsa. "Anamukhululukira?"

"Tsamba lathera pomwepo. Lotsatira lili kunyumba ina."

"Kwa ndani?"

"Sindikuuzani. Chimene simukudziwa sangakufinyeni nacho. Mukafuna, Lachinayi likudzali muike tsamba ili pansi pa dengu lopanda kanthu limene limakhala pakhomo la mwini nsalu. Mwini dengulo adzalitenga, ndipo mwina adzakusiyirani lina."

Moto unali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene anakhala. Piers analiyang'ana tsambalo, n'kulipinda, n'kulilowetsa m'malaya pakhungu penipeni. Kalata ya amayi anaiika m'chikwama cha Lambert, chimene anachitenga kuchigayo. Avice anazimitsa moto, anatulutsa mphaka, n'kuvala chofunda chake chabwino cha Lamulungu.

* * *

Woweruza wa bishopu anafika belu lamadzulo lisanalire, wansembe wowonda wa maso otopa, matope mpaka m'mawondo. Anakhala pampando umene anamuikira pamsika, pamalo omwewo pamene Avice anasenzera nkhuni kale. Tauni yonse inali pomwepo. Denis anaima pakati pa amuna awiri omugwira.

"Pepala lija," anatero woweruza, dzanja lili tambasu.

Piers anapereka. Woweruza anafunyulula, anawerenga mizere iwiri, n'kukwinya nkhope.

"Iwe wachigayo, ndi limeneli?"

Hob anasuzumira, chifuwa chili patsogolo. "Lomwelo, bambo! Zilembo zake zomwezo, chala chake chomwecho. Ndingalumbire pamanda a amayi anga."

"Chitsiru iwe. Iyi ndi kalata ya chikhululukiro, yodalitsidwa ndi mpingo. Mwandiyendetsa m'matope chifukwa cha ichi?"

Piers anafotokoza za batala wovunda, za zala ziwiri za wopota, za kaulusi ka pabatani. Anakweza dzanja la Avice kuti onse aone. Avice ananena mawu ake momveka, osawonjeza, osachotsa. Amuna aja anamusiya Denis. Denis sanasunthe, anangoyang'ana pansi, misozi ikugwera pamanja ake abuluu. M'khamumo munali amayi ena amene anagwira madengu awo mothina kwambiri, koma palibe anatsegula pakamwa.

"Ndiye ndi mlandu wa mfumu," anatero woweruza monyansidwa, akupinda kalata ija. "Akanyongedwe ndi a mfumu, ine ndilibe nawo gawo." Anaimirira, koma maso ake anagwera pachigamba cha pamkono wa Avice, n'kuchedwapo. Kenaka anatembenukira kwa Piers n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka pachifuwa, pomwe tsamba lija linali litamatirira ndi thukuta.

"Wovala nkhuni wapha munthu wa bishopu, ndipo konsitabulo wamupeza tsiku lisanathe. Wachangu bwanji. Wocheza ndi anthu otere timamulemba dzina, ukudziwa. Mkaziyu umamudziwa, iwe?"

Avice anapukusa mutu pang'ono, kumuchenjeza kuti akane monga anakanira kale.

Piers anamugwira dzanja, dzanja lomwelo la zala zabuluu.

"Ndi mlongo wanga, bambo. Bere limodzi. Lembani."

Ndipo anayenda naye yekha mpaka kuchitolokosi, osamumanga chingwe.